Chandamale pakhoma la khola

"Silvan, chotsa chandamale chakocho pakhoma la khola!" anakalipa agogo ake, a Hedwig, akumuloza mdzukulu wawo ndi ndodo. "Chipolopolo cha mfuti ya usilikali sichiima pathabwa. Chimaboola n'kupitirira!"

Silvan anangoseka, akulonga zipolopolo. Mtima wake wonse unali pa mpikisano wowombera wa m'mudzimo.

"Agogo, inu mumaopa ndi mthunzi womwe. Ng'ombe zonsetu zili kuphiri."

"Wasuzumiramo m'kholamo, gonthi iwe?"

"Matabwa akewo ndi ochindikala. Tsekani makutu."

Mfuti inalira kangapo, phiri n'kumayankha. Silvan anathamangira kukhoma kuja.

"Zonse pakati penipeni! Mwaona, agogo?"

Pomwepo mkazi wake, Vreni, anatulukira kuseri kwa nyumba, manja ali kumutu.

"Mwawombera kuti, bambo inu? Bora ndamutsitsa kuphiri m'mawa uno n'kumutsekera m'kholamo, ali pafupi kubereka!"

Bora anali ng'ombe imene Silvan ankainyadira kuposa zonse.

Agogo anakankha chitseko cha khola, nayang'ana pansi pomwe Bora anali thapsa m'magazi.

"Bwera kuno, katswiri. Dzaone. Sunaphonye ngakhale chimodzi."