Kusokoneza Pang'ono

"Mukalisokoneza pang'ono dongosololi, bata limatha," anatero Dokotala Chikomeni, akujambula pansi ndi kamtengo kuseri kwa msika wa Mzimba. "Kadontho kokhazikika pakatipa kamabala mzere wozungulira. Mbwenu chilichonse chapafupi chimangozungulira pomwepo, osachokanso."

Chiwachotsereni ntchito ku yunivesite, womvetsera masamu awo anali mmodzi yekha: Amon, amene ankabwera masana alionse atavala jekete ngakhale kutenthe. Aliyense pa boma ankadziwa kuti amene ankamutuma anali apolisi achinsinsi. Adokotala nawonso ankadziwa, nchifukwa chake mawu oti "kusokoneza" ankawatchula mokweza.

Tsikuli Amon sanakhale pansi.

"Adada, mawa sindibwera. Akuluakulu aona zonse ndakhala ndikuwauza, akuti ndi masamu chabe. Mulibe mlandu."

"Masamu chabe? Analekezera kalasi yanji anthu amenewo?"

"Yewo chomene, adada. Muzigona mtima uli m'malo."

Adokotala anayang'ana mzere wawo uja, mbuzi itayamba kale kuupondaponda. Amon atafika pamsewu, adokotala anaimirira nakuwa.

"Iwe Amon! Ukawauze kuti gawo loopsalo sindinafikepo!"