Khosi la Nasibeko

Lamulo limati pakhomo pazikhala munthu mmodzi yekha wotsokomola. Enafe, a zaumoyo amatipopera mankhwala kukhosi mwezi uliwonse kuti tisamafalitsirane matenda. Mankhwalawo amagonetsa timitsempha tija timene timamva fumbi n'kuuza chifuwa kuti chilikankhire kunja. Mmodzi yekhayo samupopera, kuti azitichenjeza mpweya woipa ukafika.

Amuna anga, a Gwaza, anasankha Nasibeko, mkazi wawo wamng'ono. Ati khosi lake ndi lanthete. Langali, limene lameza utsi wowaphikira zaka makumi awiri, ati linakhakhala.

Ndiye Nasibeko akangoti kho, a Gwaza khasu amataya, ana amathamangira zophimba pamphuno. Uchi wa m'botolo ndi wa iye yekha. Pamphasa amakhala chakumphepo, pambali pa bambo, pomwe ndinkakhala ine.

Lachitatu masana tili tonse m'khitchini, ndinaponya tsabola wouma pamakala mwakabisira. Ndinkafuna atsokomole popanda mpweya woipa, a zaumoyo amuone kuti ngwabodza, amuchotse.

Anatsokomola mpaka kugwada. A Gwaza anamunyamula ngati khanda n'kutuluka naye.

"Mayi a Dalitso, tsekani chitsekocho! Mwangoima bwanji?"

Ndinatsekadi, ine ndili m'kati.

Utsi unandilowa, kutsika mpaka pansi pa chifuwa, palibe kamtsempha kanaufunsa kumene ukupita. Ndinayesa kutsokomola dala, koma zimene zinatuluka sizikanadzidzimutsa ngakhale nkhuku.

Panja ndinkawamva a Gwaza akumusisita kumsana. "Pepa, mayi, pepa. Watipulumutsa."

Ine misozi ili mbwee, kukhosi kuli zii. Ndinadikira pamenepo mpaka tsabola yense anapserera.