Madzi Afika Pakhonde la Sukulu

Madzi a damu latsopano anali atafika pakhonde la sukulu pamene a Anacleto, phungu wa deralo, ankatsika basi. Pajekete anali atapachika mendulo yawo ya kunkhondo ya ku Italy. Palibe amene anawavulira chipewa.

Zulmira, yemwe iwo anamuphunzitsa kugwira pensulo pasukulu yomweyo, ankakweza matumba a nyemba ndi khofi pangolo. Mwamuna wake anali kumanda, kukafukula mwana wawo madzi asanamukwirire.

"Zulmira, mwana wanga," anatero a Anacleto motsitsa mawu, "ine ndinkafuna kuti tikhale ndi magetsi."

"Magetsiwo akayaka kwanu kutauni, aphunzitsi." Anakoka chingwe osawayang'ana. "Tinakuvoterani mudzi wonse. Ngakhale amayi anga osaona aja anapita, ine nditawagwira dzanja. Tikumva kuti tsiku lovomereza damuli m'nyumba ya malamulo, mkono woyamba kukwera unali wanu. Ndi zoona?"

Munthu amene sanathawe mizinga anangoti zyoli, maso pansapato.

"Ndi zoona."

Apo mwamuna wa Zulmira uja anatulukira, matope mpaka m'mawondo, atafungatira kabokosi ka matabwa atsopano.

A Anacleto anavula chipewa, n'kutambasula manja kuti athandize kukweza. Mwamunayo anaima, nayang'ana mkazi wake.

Zulmira analandira kabokosiko yekha, misozi ikutsika.

"Siyani, aphunzitsi," anatero. "Sakulemera."