Oyilo Mumtsinje wa Phalombe

"Madamu, utawaleza wagwera m'madzi!" anakuwa Atikonda, ndipo ana onse a pa kampu ya tchuthi anathamangira kumtsinje akukankhana.

Mayi Kaliati, amene ankawaphunzitsa kusamala mitsinje, anawerama n'kununkhiza madziwo. "Si utawaleza uwu, ndi oyilo. Akupita ku Chilwa, kwa matemba amene timadya aja. Ndiye wachokera kuti?"

"Kumtunda," anayankha anawo pamodzi.

"Tiyeni tikamugwire mwini wake."

Ana analiyatsa liwiro m'mbali mwa mtsinje, akuseka, akulumpha miyala, akudzitcha apolisi a madzi. Promise anaterereka n'kugwera m'matope, koma anadzuka akuimba. Mayi Kaliati ankatsatira ali wefuwefu, akukonzeratu mawu okalipira wolakwayo.

Atangodutsa pamene panali nsungwi, onse anaima. Galimoto inali pakati pa mtsinje, thovu lili mbuu, dalaivala akuikwecha uku akuimba mluzu. Pachitseko panalembedwa kuti "Tisamale mitsinje yathu".

"Madamu," anafunsa Atikonda, "si imene inatibweretsa ija?"

Dalaivalayo anakweza dzanja akumwetulira. "Abwana akubwera mawa kudzaona zimene mwaphunzira, ndiye ndati aipeze ikuwala."