Mapiritsi a Luwiza

"Chotizunguza mutu ndi ichi, bambo," anatero namwino akutembenuzira kompyuta kwa a Lameki. "Tikufufuza m'mbiri za odwala ngati mankhwala a BP angathandizenso okalamba kuti asamaiwale. Akazi anuwa sanajombepo kudzatenga, koma BP yawo sikutsika, kuiwalanso kukunkirankira. Amamwa ndithu?"

"Pakutha pa mwezi piritsi silitsala ndi limodzi lomwe," anayankha a Lameki akufinya chipewa chawo.

Silinali bodza. Kungoti mutu utayamba kuwavuta ku esiteti ya fodya komwe ankagwira ntchito, a Lameki anakanitsitsa kukakhala pamzere umodzi ndi azimayi kuchipatala, anzawo akuona. A Luwiza, akazi awo, anayamba kuwagawira mapiritsi awo a BP, kenako n'kumawapatsa onse, ati wogwira ntchito ndiye asadwale.

Tsopano a Luwizawo anangokhala pabenchi, maso kukhoma. Mayina a ana awo anali atawathawa kale, ndipo dzulo lake anafunsa a Lameki ngati anali mlendo wochokera ku Chipata.

Namwino anaika kapepala ka mapiritsi m'manja mwa a Luwiza. "Tamwani limodzi pompano, agogo, ndione."

Nkhope ya a Luwiza inawala. Anatsegula kapepalako mosavutikira, n'kugwada pansi mwaulemu, n'kuika piritsi m'dzanja la amuna awo.

"Imwani, bambo, mungachedwe ku fodya."

Namwino anachotsa zala pakompyuta. A Lameki anangoti zyoli, piritsi lija likusungunuka ndi thukuta m'dzanja mwawo.