Loja wa ku Tete

Mayi Dolly anayamba kutulutsa katundu wa Severino mwiniwake ali kumjigo. Anaponya pabwalo chikwama, bulangete ndi chigoba chake chotchingira kumaso powotcherera, kenako anakhala pampando wapulasitiki pakhonde n'kumadikira. Linali Loweruka m'mawa, ndipo ku Tafara mipopi inali itauma sabata yachitatu.

Severino analowa pageti akukankha wilibala ya zigubu zinayi. Ziwiri zinali za mayiwo. Iye anali loja wawo wochita lendi chipinda, bambo wa zaka makumi atatu wochokera ku Ulongwe m'chigawo cha Tete. Anabwera ku Harare miyezi isanu m'mbuyomo atapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Msasa. Tsiku lofika anangotulukira pagetipo ndi nambala ya nyumba papepala, ndipo Mayi Dolly anaganiza kuti wamulozera ndi wina wa kutchalitchi.

Mzindawu unamuvuta. Sabata yoyamba anakwera kombi yolakwika n'kukatsikira ku Budiriro. Anyamata oitanira ankamuseka akamayesa Chishona, moti anaphunzira kungoloza ndi chala. Pang'ono ndi pang'ono anadziwa njira, anadziwa mjigo wa mzere waufupi, anadziwanso tsiku limene mayiwo amakatenga mankhwala a BP kukiliniki. Anawakonzera geti, nawawotcherera mawindo. Zonsezi Mayi Dolly ankazilandira ngati mvula: imagwa yokha, saithokoza.

“Amayi, kwagwanji?” anafunsa Severino ataona bulangete lake m'fumbi.

“Kwagwa Disembala,” anayankha mayiwo mokweza, kuti Mayi Tecla, oyandikana nawo amene ankayanika zovala kuseri kwa mpanda, amve bwino. “Kudzai wanga akubwera kuchokera ku Kanada. Chipindacho ndi chake. Ndikufuna chipitidwe mphepo miyezi iwiri. Mwana wozolowera ndege asadzapeze fungo la Moskeni wa ku Teteyu.”

Nkhani ya Kudzai mumsewuwo munalibe amene sankaidziwa. Anachoka chaka chatha atavala jekete latsopano, ndipo chichokereni mayi ake ankalowa naye paliponse: pamaliro, pamzere wa madzi, ngakhale m'pemphero la amayi la Lachinayi. Kudzai amayang'anira azungu. Kudzai amaimba foni Lamlungu lililonse, nthawi yochepa chabe, chifukwa anthu audindo sachedwa pafoni. Mayi Tecla anali atamva zimenezi kambirimbiri, koma anasiya kuyanika n'kutsamira mpanda.

“Mukanandiuza kale, ndikanafuna malo,” anatero Severino.

“Malo? Si inu mumagona paliponse? Mumangodutsa malire ngati mbuzi, n'kudzadzaza mizinda ya eni. Munthu wamutu amapita kunja ndi mapepala, amakakhala mu ofesi. Inu kunja kwanu ndi kuno, kudzatunga madzi ku Tafara!”

Anaseka mpaka kutsokomola. Anali ataiwala kuti bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, n'kusesa misewu ya mzinda womwewu zaka makumi atatu akutchedwa mubwidi, dzina lonyozera obwera. Chichewa cha bambo awocho Mayi Dolly ankachisunga ngati mbale za alendo: ankachitulutsa pokhapokha akafuna kunyoza munthu m'chinenero choti chimulase bwino.

“Dolly, munthuyu wakuthandizatu,” anatero Mayi Tecla motsitsa mawu.

“Ndani anamutuma? Kudzai akabwera adzakumba chitsime chathuchathu pano, chamagetsi. Sindidzafunanso wilibala ya munthu.”

Severino anayang'ana mapazi a mayiwo, otupa m'mapatapata, ndi mtsempha umene unkagunda pakhosi pawo. Ananyamula zigubu ziwiri zija n'kukakhuthulira mu dramu la kukhitchini. Anakuntha bulangete, analipinda, nalimanga pachikwama ndi chingwe. Kiyi anaiika pakhonde, pafupi ndi mpando.

“Lachiwiri ndi tsiku la kukiliniki, Amayi. Musaiwale.”

“Tamumvani dokotala wa ku Tete!” anakuwa mayiwo, akuwomba m'manja. “Pita, ukalangize amako.”

Anatuluka n'kutseka geti. Kunja kwa mpanda anatula chikwama pansi, nakhala pamwamba pake. Sankadziwa kumene akagone. Mnzake wa kuntchito anali ndi kachipinda ku Mabvuku, koma munali kale anthu atatu. M'kati, mawu a Mayi Dolly ankamvekabe, akufotokozera Mayi Tecla za chipale chofewa chimene chimafika m'mawondo.

Severino anatulutsa foni naimba nambala ya kwawo. Inaitana nthawi yaitali, ndipo itayankhidwa kunamveka phokoso la msika ndi munthu akupuma mwawefuwefu.

“Achimwene, dikirani nditule thumba. Eya, nenani. Amayi ali bwanji?”

“Ali bwino. Koma anditulutsa. Akuti ukubwera Disembala.”

Mawu aja anabwerera atachepa.

“Mwawauza?”

“Ndinalonjeza kuti sindidzawauza, ndipo sindinawauze. Ndi BP ija akhoza kugwa.”

“Ndiye amayi anu akamva, inenso andithamangitsa?”

“Kwathu mlendo sitimutaya kunja. Gona m'chipinda changa momwemo, Kudzai.”

Kanada wa Kudzai anathera pa Ulongwe, pamene munthu amene anamulonjeza mapepala anatsika basi n'kuzimiririka. Chaka chonsechi ankasenza matumba a mbatata pamsika, n'kumadya m'mbale imodzi ndi mayi ake a Severino. Nambala ya nyumba papepala paja analemba ndi iyeyo.