Beseni la Mathero

Azuleju imodzi, thailosi ija yomata pakhoma, inamatuka m'bafa n'kugwera m'beseni, Telma atangovuulamo mwana wake Mathero. Beseni linang'ambika pomwe panali mutu wa Mathero.

Anabereka mwanayo kumsana. Kenako anatenga supuni n'kuyamba kugogoda khoma, kuyambira pansi mpaka pampopi wa shuveru yatsopano yosambira. Paliponse pankalira ngati chigubu chopanda madzi. Kumbuyo kwa azuleju yogwayo kunali utoto wakale wobiriwira, utamatirira pasimenti.

"Bambo anu sanaseme khoma kuti simenti igwire," anauza mwamuna wake Gervásio. "Angomata pamwamba pa utoto! Ndinanena Lolemba, inu munati ndikudziwa chiyani ine."

"Tsitsani mawu, amake Mathero, ali pakhondepo. Theka la Ulongwe anamanga ndi iwowo."

"Theka la Ulongwe silisamba muno. Muno mumasamba mwana wanga."

"Ndiye mukawauze kuti chiyani? Ndi apongozi anu amene aja."

Pakhonde apongozi akewo, a Abílio, ankamwa tiyi, simenti ikadali m'zikhadabo. Chikwatiwireni, Telma anali asanawayang'anepo kumaso. Anagwada chapatali monga amachitira masiku onse, n'kukankhira beseni long'ambikalo kumapazi awo, azuleju ili momwemo. Nyundo yomwe anabwera nayo anaipereka ndi manja awiri.

"Bambo," anatero, mawu akutulukira m'mano, "mugumula ndinu, kapena ndiyambe ine?"

A Abílio sanalandire. Telma anadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso, nyundo ikadali m'manja.